Goloboyi Amene Ankakana Kujambulidwa

Madzulo a Lachitatu limenelo analibe chachilendo. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Joni kuja kolowa mpaka m'mafupa, ndipo utsi wa mbaula unali utakuta mikuku yonse, tinyumba ta malata tija, m'dera la Ramaphosa. Lionel anamwa tiyi chiimirire, natenga chikwama cha kamera. Paphewa anakolekera choimikira kamera cha miyendo itatu, chomwe mwendo umodzi anachita kumanga ndi waya.

Mnyamatayu ankaphunzira zojambula zithunzi pa koleji ina m'tauni. Kamera yake inali yakale, yogula kwa munthu, lenzi yake yomata ndi tepi, koma ankaisamala ngati khanda. Tinene zoona, anali ndi matama pa ntchito yake. Aphunzitsi ake ankati chithunzi chosaoneka bwino ndi chinyalala, chosayenera kugona m'kamera. Lionel mawu amenewa anawameza osatafuna. Akangojambula, maso pa kagalasi koonetsa zithunzi, chala chili kale pofufutira.

Lamlungu lililonse ankayenda ndi timu ya mpira ya Amalawi ndi Azambia, yomwe ankaitsogolera a Mervin, bambo wa ku Chipata wogulitsa matayala akale. Anafika nayo ku Etwatwa, ku Daveyton, ku Tembisa, atapanikizana m'takisi, chikwama cha kamera chili pamiyendo. Anyamata onse ankalimbirana kujambulidwa, kuti akumudzi aone kuti ku Joni zikuyenda. Onse, kupatula goloboyi.

Goloboyiyo ankamutchula kuti Sangwani. Anali wamtali, wosayankhulayankhula, wa chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Akaona kamera ankatembenuka, kapena kuphimba nkhope ndi magulovu. Analibe mapepala, ndipo ankati chithunzi chimayenda mtunda wautali kuposa mwini wake. Nthawi zina ankagweramo mwangozi akudumphira mpira, koma zithunzi zotere zinkatuluka mbuu, ndipo Lionel ankazifufuta pomwepo. Dzina la bambo ake, mudzi wake, palibe ankadziwa. Ena ankati ngwa ku Mzimba, ena ku Rumphi. Ku Joni munthu sufunsa zambiri.

Sabata imeneyo ku koleji anawatuma kujambula magetsi a ndege zikamanyamuka usiku. Malo abwino anali pabwalo lawo lomwelo la mpira, kumunsi kwa chiphiri cha mchenga wa mgodi, pomwe ndege zimadutsa chapafupi. Lionel anafika mdima utagwa. Anaimika kamera pakati pa bwalo, nayamba kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndege yoyamba inadutsa. Yachiwiri. Agalu a kumikuku ankauwa monga mwa masiku onse. Kenako onse analeka nthawi imodzi, kuli zii.

"Achimwene."

Lionel anadzidzimuka, dzanja linathamangira pa kamera, poganiza kuti ndi matsotsi. Pagolo panali munthu. Anaima chilili pamzere penipeni, manja ali m'mbali. Jezi yachikasu, magulovu, nsapato za mpira.

"Eish, a Sangwani! Mufuna kundipha ndi mtima? Mwavala jezi Lachitatu, muli ndi gemu ndi ndani usiku uno?"

Goloboyi sanaseke.

"Lero ndijambuleni."

"Inuyo? Kapena mwamwa?"

"Ndijambuleni nkhope. Ioneke bwinobwino."

Lionel anaseka yekha, nanyamula zida zake kusendera pafupi. Anayesa fulashi, mabatire anali atatha. Anaika diso pa kamera, koma lenzi inakana kugwira. Imangopita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, ikulira ngati udzudzu. Akailoza pa mtengo wa golo imagwira msanga. Akaibweza pa munthu, yayambanso kusakasaka. Anatukwana chamumtima, napotokola lenziyo ndi dzanja.

"Kuwala kulibe, ndiye kamera ikhala yotsegula kanthawi. Musasunthe ngakhale pang'ono."

Anadina. Anawerenga mpaka kanayi. Munthu uja sanagwedezeke, sanaphethire. M'pamene Lionel anaona kanthu kena. Iye akapuma, nthunzi imatuluka m'kamwa chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa Sangwani sipankatuluka kanthu. Anaziona ndithu, koma maganizo ake anali kale pa kagalasi.

Chithunzi chinatuluka. Nkhope inalipo, maso, chipsera chija, zonse. Koma chinali chakuda, chodzaza timadontho ngati wachiwaza mchenga.

"Amayi anga angandizindikire pamenepo?" anafunsa Sangwani, osasuntha pamzere paja.

"Kuzindikira angakuzindikireni. Koma ichi si chithunzi choti ine n'kuikapo dzina langa. Mubwere Lamlungu masana, ndidzakujambuleni chenicheni."

"Lamlungu n'kutali, achimwene."

"Masiku anayi okha. Mukuthamangira kuti?"

Chala chinachita zomwe chinazolowera. Kamera inafunsa ngati akutsimikiza, iye anatsimikiza.

Nthawi yomweyo ndege yaikulu inatulukira kuseri kwa chiphiri chija, magetsi ali phuliphuli. Lionel anatembenuza kamera msangamsanga, naijambula mpaka inalowa m'mitambo. Pocheuka, pagolo panalibe munthu. Bwalo lonse linali pululu, ndipo sanamve mapazi. Anaitana kawiri. Tsitsi linamuimirira, koma anadzilimbitsa mtima kuti munthuyo wangokwiya. Anajambula ndege zina zambirimbiri mpaka khadi yosungira zithunzi inadzaza, agalu n'kuyambiranso kuuwa.

M'mawa kusanayere bwino, chitseko cha mkuku wake chinagogodedwa. Anali a Mervin, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, uli ndi chithunzi cha Sangwani? Chilichonse, olo chakumbali."

"Bwanji, akochi?"

"Watisiya. Anamupeza Lolemba m'mawa m'mbali mwa njanji. Apolisi andiimbira dzulo, nambala yanga inali pa kapepala m'thumba mwake. Ndakamuona ku mochale. Anali akadali mu jezi ya Lamlungu ija."



"Lolemba? Akochi, munena Lolemba liti?"

"Lapitali. Nkhope anaiononga, siyoti n'kujambula, ine ndamudziwira jezi ndi magulovu. Akuti pakapanda kuoneka wachibale masiku makumi atatu, boma limuika lokha. Tikufuna chithunzi tiponye m'magulu a pafoni, mwina wina angamudziwe, apite akagone kwawo. Iwe wayenda nafe zaka ziwiri. Sungalephere."

Lionel akanati chiyani? Kuti munthu wakufa Lolemba anaima pamaso pake Lachitatu, napempha chinthu chimodzi chokha, iye n'kuchitaya chifukwa cha timadontho?

Tsiku lonse anakhala pa kompyuta. Zithunzi za zaka ziwiri, masauzande, zonse zowala bwino. Anyamata akumwetsa zigoli, akuvina, akukangana ndi oimbira. Sangwani analimo katatu kokha: msana, msana, ndi magulovu ophimba nkhope. Anafunsa anyamata a timu, aliyense anayankha chimodzimodzi: "Tinkadalira iweyo, bra."

Anatenga khadi ija kupita nayo kwa katswiri wina wa makompyuta ku Boksburg, wodziwa kubweza zofufutidwa. Munthuyo anapukusa mutu, nati zithunzi za ndege zija zinakwera pamwamba pa zonse zofufutidwa. Komabe anayesa. Patapita maola awiri, chithunzi chimodzi chinatseguka pang'onopang'ono. Nsapato pamzere wa golo. Magulovu. Jezi yachikasu mpaka m'khosi. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba munali phulusa lokhalokha. Pakona panali tsiku ndi nthawi: Lachitatu, itangokwana naini koloko usiku.

"Theka labwera, mwachita mwayi," anatero katswiriyo.

Lionel analira pomwepo, pamaso pa anthu, osachita manyazi. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti nkhani yotere ankaidziwa kuyambira ali mwana. Iye anabadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe. Agogo ake aamuna anachoka ku Malawi kukagwira ntchito m'migodi, natchona, namwalira osatchula mudzi wawo, osasiya ndi chithunzi chomwe. N'chifukwa chake Lionel ankayankhula Chichewa koma analibe kwawo kolozera. Ndiye lero iye yemweyo, ndi chala chake, wasandutsa mwana wa eni ake mtchona wamuyaya.

Uthenga anautumizabe m'magulu onse, wa mawu okhaokha: mnyamata wamtali, wakuda, wa kumpoto, wa chipsera padiso, dzina Sangwani. Anthu anayankha kuti pepani, mzimu wake uuse mumtendere. Mayi wina wa ku Euthini anaimba foni kunena kuti mwana wake anasowa ku Joni zaka zinayi zapitazo, koma dzina lake silinali limenelo. "Tanditumizirani chithunzi ndione," anatero. Lionel anangoti alibe. Kenako foni inaduka.

Usiku womwewo anagula mabatire atsopano, nabwerera pabwalo. Anaimika kamera pamalo omwe aja, kuloza pagolo.

"A Sangwani, ndabwera. Imani pamenepo. Chilichonse chimene chituluke ndisunga."

Agalu ankauwa. Ndege zinkadutsa. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Ku koleji anasiya kupita. Timu inapeza goloboyi wina, inapita ku Etwatwa popanda wojambula. A Mervin anayesa kumuletsa, kuti matsotsi adzamulanda kamera kapena kumupha kumene, koma ankayankhula ndi mwala.

Masiku makumi atatu anakwana. A ku mochale anawonjezerapo ena pang'ono chifukwa a Mervin anachonderera, nawonso anatha. Sangwani anaikidwa ndi boma m'mawa wina, m'manda a anthu osadziwika, pamodzi ndi ena awiri. Pamanda pake pali nambala.

A ku Ramaphosa amanong'onezana mosiyanasiyana. Ena amati mnyamata wa kamera uja anapenga ndi sukulu. Ena amati anaona tsikulo molakwika, ngakhale kuti amene anaona theka la chithunzi lija safuna kulionanso. Mai Petronella a pa sipaza, kagolosale ka m'deralo, omwe amamugulitsa mabatire, iwo amangoti wakufa amapempha kamodzi, ukamukana sabweranso.

Mukadutsa pafupi ndi bwalolo cha m'ma naini usiku, mudzaona fulashi ikung'anima kumunsi kwa chiphiri. Lenzi ija masiku ano siivuta, imagwira msanga nthawi zonse. Lionel safufutanso kanthu, makhadi angodzaza m'chitini. Zithunzi zake zonse zimatuluka zowala bwino, zoti aphunzitsi ake akanaziyamikira: mitengo iwiri ya golo, ukonde wong'ambika, ndi mzere wopanda munthu.