Chambo cha Miyezi Isanu ndi Umodzi

Nkhaniyi amaikamba amayi a kuseri kwa msika wa Mangochi, ndipo mpaka lero akafika pakati amatsitsa mawu.

M'chaka cha 1987, mumzere wonse wa nyumba za kumeneko firiji inali kwa Asiatu kokha. Inali yaikulu, yotsegula pamwamba ngati bokosi. Mwamuna wake Sefu, yemwe ankaphika pa hotela ina ku Nkopola, anaigula kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Sefu anali munthu wa nthabwala, koma pa za firiji sankaseka. Phukusi lililonse ankalilemba tsiku.

"Nyama ya mbuzi ngakhale ifike chaka, palibe mlandu," ankatero. "Chambo, miyezi isanu ndi umodzi basi. Ndipo chikasungunuka, osabwezeramo. Phika."

Chibwana chake chinali chimodzi. Asanatsegule firijiyo ankagogoda pachivundikiro, kawiri mofulumira kenaka kamodzi, n'kunena kuti, "Odi, eni nyumba!" Asiatu ankayankhira nsomba za m'katimo ali kukhitchini: "Odini!"

Tsiku lina mu Febuluwale Sefu anabwera ndi chambo chachikulu. Anachipala, kuchikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kulemba tsiku. Asanasambe n'komwe m'manja, panja panaima galimoto ndipo munatsika amuna atatu osapereka moni. Akuti Sefu anayankha mlendo wina wa pa hotela funso limene masiku amenewo munthu sankayenera kuyankha. Pokwera galimotoyo anacheuka.

"Chambo chija usadye wekha, Asiatu. Ndichipeza chisanathe masiku ake."

Nthawi imeneyo munthu akatengedwa choncho, sunkafunsa kumene wapita. Anthu anasiya kutchula dzina la Sefu. Amene ankabwera kudzasungitsa nyama yawo anayamba kuilambalala nyumbayo, bola nyamayo iwole. Anatsala mmodzi yekha, Tatu, mnansi wapakamwa posatseka koma wa mtima wabwino.

Itatha miyezi isanu kunabwera Che Atumani, mkulu wake wa Sefu. Anali atamva mphekesera zoti kundende ina kwafa anthu.

"Mlamu," anatero, "tichite sadaka. Tisamusiye m'bale wathu wopanda dua, wopanda womupempherera."

Asiatu anadziwa kuti kuvomera sadaka kunali kuvomera kuti Sefu wafa. Mtima unamupweteka kwambiri, koma anayankha mwaulemu.

"Alamu, dikirani chambo chithe masiku ake. Akapanda kubwera, ndivomera."

Che Atumani anapukusa mutu. Mkazi wowerengera imfa ya mwamuna wake pa nsomba anali asanamuonepo. Komabe anadikira.

Tsiku lomaliza linafika mu Ogasiti, mwera ukuwomba. Masana Che Atumani anadzasiya thumba la mpunga wa sadaka pakona ya chipinda, kuti mawa lake amayi adzaphike. Madzulo Asiatu anaswali, napinda mkeka wake wopemphererapo, nakhala pansi moyang'anana ndi thumba lija. Magetsi ankayaka. Firiji inkalira mwa masiku onse.

Kenaka inasiya kulira. M'nyumba munati zii.

Go-go. Go.

Asiatu anathamangira kuchitseko. Panja panalibe munthu, mphepo yokha ikukokolola masamba a mango. Ali chiimire pakhomopo anamvanso.

Go-go. Go.

Kugogodako kunali kumbuyo kwake.

Anaitana Tatu pamwamba pa mpanda, ndipo Tatu anabwera akumanga chitenje, pakamwa patsogolo.

"Iwenso Asiatu, makina awa! Ayezi akachuluka amathetheka. Ukufuna utidzidzimutse ndi..."

Go-go. Go.

Tatu sanamalize. Onse awiri anaona chivundikiro cha firiji chikunjenjemera pang'ono. Wogogodayo anali m'kati.

"Bisimila," ananong'ona Tatu, akubwerera chafutambuyo. "Tiye tituluke."

Asiatu naye mantha anali atamugwira. Koma kagogodedwe kameneko anakamva zaka zinayi, tsiku ndi tsiku, ndipo yankho lake linatuluka lokha.

"Odini."

Anakweza chivundikiro. Utsi wozizira unamumenya kumaso. Nyama ya mbuzi inali gwaa, mabotolo a madzi gwaa. Chambo chija anali atachiika pansi penipeni kuti asamachione, koma tsopano chinali pamwamba pa zonse. Anachikhudza. Chinali chofewa, madzi akudontha m'pepala, tsiku lolembedwa ndi dzanja la Sefu likuwerengeka bwinobwino.

"Kataye!" anatero Tatu. "Kaponye m'chimbudzi, chinthu chimenecho si chabwino!"

Asiatu anachinunkhiza. Chinalibe fungo loipa.

"Chikasungunuka, osabwezeramo," anatero. "Phika."

Anakoleza mbaula. Anadula anyezi ndi tomato, nathira mchere. Tatu anakhala pafupi ndi chitseko, phazi limodzi lokonzeka kuthawa, koma mnzake sanamusiye. Firiji inayambanso kulira ngati palibe chachitika. Fungo la chambo linadzaza nyumba yonse.

Msuzi utangoyamba kulimba, anamvanso.

Go-go. Go.

Ulendo uno kunali kuchitseko.

"Odi, eni nyumba," anatero mawu osasa.

Tatu anamugwira chitenje. "Usatsegule! Sukudziwa kuti wabwera ndi ndani!"

Asiatu anatsegula. Pakhomo panaima munthu woonda, wometedwa mpala, wopanda nsapato. Maso okha ndiwo anali a Sefu. Asiatu anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kugwira mkono wa munthuyo, akuopa kuti aupeza wozizira.

Unali wofunda. Apa m'pamene Asiatu analira.

Sefu anafotokoza akudya. Anamutulutsa kundende m'mawa, osamuuza chifukwa, monga momwe anamutengera. Anakwera lole ya chimanga, ndipo atadutsa Ulongwe tulo tinamugwira pamwamba pa matumba. Analota ali pamalo amdima, ozizira mpaka m'mafupa, akugogoda osatopa. Kenaka anamva mawu a mkazi wake akuti "Odini," ndipo anadzidzimuka.

Ananyema chambo china, nachitafuna mwachifatse.

"Chauma pang'ono m'mbalimu, ngati mwini wake," anatero. "Koma masiku ake sanathe."

M'mawa Che Atumani anafika ndi amayi odzaphika sadaka, n'kupeza malemu akutsuka mano pakhonde. Mpunga uja unaphikidwa ndithu, koma unadyedwa ndi nthungululu, ndipo amene ankalambalala nyumbayo anali oyamba kutenga mbale.

Amuna a mumzerewo amati anali makina chabe. Tatu amanong'oneza amene wamufunsa, ndi amene sanamufunse, kuti usiku umenewo anaona ndi maso ake kunsi kwa chivundikiro: pa ayezi panali timaenje titatu, ngati pogunda chala chopinda, tiwiri pafupi, kamodzi patali.

Asiatu sanatsutsepo aliyense. Koma kuyambira tsiku limenelo, asanatsegule firiji amagogoda kaye, n'kudikira pang'ono.