Uthenga wa Kusikelo Umene Sunali Wake

Dyna anakumana ndi Morton pa siteji ya Malosa tsiku limene foni yake inamwa madzi. Inagwera m'munda wa mpunga m'mawa akuwokera, ndipo anabwera nayo atayikulunga m'kansalu ngati kamwana kodwala.

Morton ankakonza mafoni pa kabenchi, pansi pa ambulera yaikulu. Anali mnyamata wa malaya osita bwino, ndipo pakamwa pake pankachita kudontha uchi.

"Achimwene, kodi ingadzuke imeneyi?" anafunsa Dyna.

Morton anayitsegula, nayiuzira, kenako anapukusa mutu.

"Awa ndi maliro, chemwali. Koma musalire. Nkhope yanuyi kulira sikuikhala."

"Aaa inu! Ndabweretsa foni, osati nkhope."

"Foni yafa yokha, koma mwini wake wandipha ine. Dzina ndani?"

Mawu oterewa atsikana a pa sitejipo anali atatopa nawo. Koma Dyna anali wa kumudzi kwa Malemia, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wozolowera kukuwa ndi mbalame m'munda. Ndani anali atamuuzapo kuti nkhope yake ingaphe munthu? Anaseka mwamanyazi, natchula dzina.

Patapita masiku atatu, Morton anamupatsa kafoni ka mabatani.

"Tenga, duwa langa. Sindingapirire kuti ndizikusowa pomwe netiweki ilipo."

Basi, kuyambira pamenepo kafoniko sikankapuma. Dyna akupalira, kalira. Akutunga madzi, kalira.

"Wadzuka bwanji shuga wanga? Tiyi ndamwa wopanda kanthu, iwe ndiwe wokwanira."

"Dyna wanga, phiri la Zomba lidzasamuka, ine ndili pomwepo."

Mtsikana wa anthu ankawerenga mauthengawa mpaka kuwaloweza. Chikondi chinamulowa m'mafupa, ndipo sanafune n'komwe kuchira.

Mpunga usanakololedwe, Dyna anazindikira kuti ndi woyembekezera. Anapita ku kabenchi kaja.

"A Morton, zinthu sizili bwino. Mwezi wadutsa kawiri."

Morton anamugwira manja onse awiri.

"Ndiye ukuliriranji, mami? Ameneyo ndi mwana wanga! Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, asanabadwe ndikhala nditaonekera kwa amalume ako. Sudzachita manyazi iwe."

Lonjezo limeneli ndi limene Dyna anatsamira. Kunyumba amayi ake analira tsiku lonse, kutchalitchi anamuimitsa kwaya, ndipo amalume ake, a Makaiko, ananena mawu amodzi okha: "Mwamunayo abwere ndimuone."

Tsiku loyamba sikelo, Morton anamuperekeza. Pafupi ndi kwawo kwa Dyna panali chipatala chaching'ono, choyenda pansi, koma iye anakana.

"Apafupiwa amakalipa. Duwa langa silingakalipiridwe. Tikwere minibasi, tipite cha ku Zomba."

Kumeneko amayi obwera ndi amuna awo ankayamba kuthandizidwa, ndipo Dyna anadutsa mzere wonse mutu uli m'mwamba. Atamuyeza, namwino anafotokoza kuti chipatala chimatumiza malangizo pa foni, ogwirizana ndi msinkhu wa mimba, mpaka mwana atabadwa.

"Tilembe nambala ya ndani?"

"Yanga, anesi," anatero Morton msangamsanga. "Kwawo kulibe magetsi, foni yake imazimazima. Ine ndizilandira n'kumamutumizira. Bambo wa mwana ndine."

Amayi a pa benchi anayang'anana.

"Mwamuna uyu ngwabwino bwanji! Athu aja ngakhale kuwakoka ndi chingwe sangafike kuno."

Dyna anamva kukoma mpaka kumapazi.

Ndipo Morton sanaphonye. Uthenga ukangofika, ankautumiza atawonjezerako zakezake.

"Imwani mankhwala owonjezera magazi tsiku lililonse. Wamva, duwa langa? Usadumphitse."

"Gonani m'masikito. Udzudzu ukakuluma waluma ine."

"Musanyamule katundu wolemera. Thumba la mpunga ulisiye, mami, ndidzanyamula ndekha."

Kudzanyamulako sanabwere, koma mawuwo anafika. Dyna ankawerengera amayi ake uthenga uliwonse, mpaka mayiwo anafewa mtima. Anayamba kumufunsa okha: "Lero a chipatala ati chiyani?" Foni ikati adye masamba, amayi ankathyola chisoso. Ikati apume, ankamulanda khasu. M'nyumbamo mawu a kafoniko sankatsutsidwa.

Za kuonekera zokha ndi zimene zinkatsimphina. Koyamba Morton anati kwawo kwagwa maliro. Kachiwiri anati ankhoswe ake adwala. A Makaiko atayamba kutukutira, iye analumbira.

"Loweruka lino, duwa langa. Ndikapanda kubwera udzandilavulire."

Lachitatu m'mawa, Dyna akusesa pabwalo, kafoni kanalira. Anakatulutsa akumwetulira.

"Mimba yanu yakwana miyezi isanu ndi inayi. Pitani kuchidikiro kuti mukhale pafupi ndi chipatala. Tengani beseni, zitenje zoyera ndi pepala la pulasitiki. Limba mtima duwa langa, ndikuperekeza ndekha."

Dyna anawerenga kawiri. Miyezi isanu ndi inayi? Iye ankadziwa isanu!

"Amayi! Tamvani izi!"

Amayi ake anamvetsera, kenako anamuyang'ana pamimba nthawi yaitali.

"Iwe Dyna, unandibisira miyezi eti?"

"Ayi amayi, ndi faifi ndithu!"

"Ndiye a chipatala aname? Iwowo anakuyeza. Ngati ili naini, kamimba kameneka n'kochepa. Mwanayo sakukula."

Mawu amenewo anamulasa. Kodi mwana wake akudwala m'mimbamo? Kodi analakwitsa kuwerenga, kapena anadumphitsa mankhwala? Anayimbira Morton. Foni inaitana mpaka kuduka. Anayimbanso, osayankha. Kachitatu inali itazimitsidwa.

Mantha sadikira minibasi. Dyna anatenga buku lake la kusikelo, namanga chitenje, n'kuyamba ulendo wapansi wa ku chipatala chapafupi chija, chimene Morton ankati amakalipa. Njira yonse ankasisita mimba.

"Gunda mwanawe, gundako pang'ono ndimve."

Anafika dzuwa litakwera. Kuseri kwa chipatalacho kunali chidikiro, nyumba yokhalamo amayi otopa podikira tsiku lawo. Ena ankachapa, ena anali atakhala pa mikeka pansi pa mtengo wa mango.

Apo ndi pamene anaona malaya osita aja.

Morton ankatsitsa mtolo wa nkhuni ndi beseni latsopano pa njinga. Mtima wa Dyna unadumpha ndi chimwemwe. Wabwera! Wagula kale beseni! Anatsegula pakamwa kuti amuitane.

"Bambo a Flora, nkhunizo muike pakhonde, zinganyowe."

Amene analankhulayo anali mayi wa mimba yaikulu, yotsikiratu, atagwira m'chiuno. Morton anatula nkhuni, nathamangira kukamugwira mkono.

"Pang'onopang'ono, duwa langa."

Dyna anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira. Miyendo inamutengera yokha mpaka pamaso pawo.

"A Morton?"

Morton anatembenuka. Nkhope yake inagwa, koma kwa kamphindi chabe.

"Mukufuna chiyani, chemwali? Za mafoni mukandipeze ku benchi."

Chemwali! Munthu amene dzulo lomweli anali shuga!

"Ndalandira uthenga wanu," anatero Dyna. "Mwati ndipite kuchidikiro. Koma ine yanga ndi faifi."

Mayi uja sanayang'ane Dyna kumaso. Maso ake anali pa kafoni kamene kanali m'manja mwake.

"Taonetsa foniyo."

Anakalanda, nakatembenuza, n'kuloza pamene panapsa ndi moto kumbuyo kwake.

"Iyi ndi foni yanga. Inagwera pa mbaula chaka chatha. Bambo a Flora, si munati yafa, simungaikonze?"

"Scholastica, tamvera kaye..."

"Khalani chete!"

Amayi a pa mikeka anasiya zonse n'kuyandikira. Scholastica anatsegula mauthenga, nayamba kuwerenga mokweza, umodziumodzi, ngati akulengeza kutchalitchi.

"'Udzudzu ukakuluma waluma ine.' Hee! 'Tiyi ndamwa wopanda kanthu.' Mayo ine!"

Anatulutsa foni yake ina pa chitenje, nayiika pafupi ndi nkhope ya Dyna.

"Werenga, mwana iwe. Udzudzu womwewo unalumanso kuno. Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Wa lerowu wokha ndi umene sindinalandire. Ndimadabwa kuti a chipatala andiiwala bwanji. Kani unapita kwa iwe!"

Tsopano zonse zinaonekera poyera. Morton analembetsa mimba ziwiri, ku zipatala ziwiri, pa ma simu ake awiri. Miyezi yonseyi ankagawa malangizo uku ndi uku ngati wogawa makuponi. Lero, m'chipwirikiti chokonzekera ulendo wa mkazi wake, chala chinaphonya.

Dyna anatsegula buku lake la kusikelo.

"Koma dzina lanu lili umu. Munauza anesi kuti bambo wa mwana ndinu. Munati Loweruka mukubwera kwa amalume!"

Morton anaseka. Anasekadi, mano onse pamtunda, natembenukira kwa amayi aja.

"Amayi, inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mtsikana akasowa mwamuna, amapempha aliyense kuti akaime naye kusikelo, asachedwe pa mzere. Ena amatenga akabaza. Uyu anapempha ine, ndinamumvera chisoni. Lero chisoni changa chasanduka mlandu? Mwini mimbayo akumudziwa yekha."

Ena mwa amayiwo anagwedeza mitu, chifukwa zoterezo zimachitikadi. Bodza lake linali ndi poima, ndipo izi ndi zimene zinamupweteka Dyna koposa. Tsiku limene ankaliyesa la ulemu wake wonse, munthuyu analisandutsa ganyu.

"A Morton, mukundikana? Ine? Mukukana mwana wanu?"

"Ndati sindikukudziwa mwa njira imeneyo. Usandiyalutse pamaso pa mkazi wanga."

Scholastica sanapusitsike. Anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa Dyna.

"Akunama, ndikudziwa. Ameneyu ndithana naye kunyumba ndikachira. Koma tamvera, mwana iwe. Ine ndi wa ukwati wa kutchalitchi, uyu ndi mwana wachitatu. Sindigawana mwamuna, ndipo sindigawana foni."

Anachotsa batire, nasolola kasimu ka Dyna, n'kukaponya pansi.

"Tola chako. Malangizo uzikamvera pa wailesi."

Wina anaseka. Wina anati, "Koma atsikana a masiku ano!" Palibe anati koma anyamata. Dyna anawerama movutikira, natola kasimuko m'fumbi. Atadzuka, Morton anali atanyamula kale beseni, akulowetsa mkazi wake m'nyumba mwaulemu wonse.

Namwino wina amene anaona zonse anamutengera m'chipinda n'kumuyeza.

"Mwana ali bwinobwino, miyezi isanu. Mtima ukugunda. Tilembe nambala iti kuti malangizo azifika kwa iwe?"

Dyna anatambasula dzanja. Munali kasimu kokha, kodzaza fumbi.

"Ndilibe poika, anesi."

Pobwerera, njira inatalika. Anadutsa m'minda ya mpunga osaona munthu, ngakhale ambiri anamupatsa moni. Analira mpaka misozi inatha, koma mtima sunapepuke. Ankamukondabe, ndipo zimenezo zinamunyansa kuposa zonse.

Atafika pakhomo anapeza a Makaiko atakhala pa mpando, atavula chipewa, nkhope ili gwa. Amayi a Dyna anali atamangirira tambala pa mtengo, wodikira alendo a Loweruka. Atamuona anathamanga kudzamulandira.

"Ati chiyani a chipatala? Mwana ali bwino?"

"Ali bwino, amayi."

"Ambuye alemekezeke! Ndiye tamuimbira mwamuna wakoyo, amalume ako akufuna adziwe kuti abwera anthu angati."

Dyna anayang'ana amalume ake, nayang'ana amayi ake amene ankamwetulira koyamba m'miyezi itatu. Anagwada pansi pang'onopang'ono, atagwira mimba.

"Amalume, sikubwera munthu. Ali ndi mkazi, ndipo mwanayu amukana pagulu."

A Makaiko sanakalipe. Anavala chipewa chawo, nayimirira.

"Mlongo, masula tambalayo," anatero, osamuyang'ana Dyna ngakhale kamodzi.