Kunyumba Yaing'ono

Ukwati wa kalipentala ndi mkazi wake unali wosiririka. Bamboyo ankapala matabwa, mayiyo ankagulitsa nsalu, ndipo patatha zaka zisanu ndi ziwiri akudzimana, anamanga nyumba ziwiri za lendi kutsidya kwa msewu: yaikulu ya zipinda zitatu, ndi yaing'ono ya chipinda chimodzi.

Mutu wa bizinesiyo anali mayiyo, ndipo malamulo ake ankawalakatula ngati mlaliki. Walendi osamulowetsa popanda pepala losainirana. M'nyumba mwake osalowamo asanakulole. Chikawonongeka, konza msanga. Zotchipa osagula. Ndiye amene anaumiriranso kuti m'mawindo muikidwe zitsulo, pakhomo chitseko chachitsulo chokiya ndi loko.

"Thinanitsani zitsulozo," anauza wowotcherera. "Pasadutse ngakhale mutu wa mphaka. Nyumba yotetezeka sisowa alendi."

Koma lamulo la zotchipa lija bamboyo anali ataliswa kale. Malata a nyumba yaing'ono anagula akale, n'kuwapaka penti, mkazi wake osadziwa. Mvula itayamba, denga linkadonthera pabedi pa walendi, namwino wina wosakwatiwa. Kalipentala ankaopa pakamwa pa mkazi wake kuposa kugwa padenga. Anachonderera namwino kuti asaulule, ndipo masana ankazemba kukamata mabowo. Bodza lake linali lokhalo, koma bodza laling'ono m'banja limakula msanga.

Moto anaukoleza ndi mayi wa kusaluni, akumuluka tsitsi mayiyo.

"Koma asisi, amuna anu ndi olimba mtima. Amachita kuyankha okha pafoni kuti, 'Ndili kunyumba yaing'ono.' Ndiye inu mwasanduka yaikulu, eti?"

Saluni yonse inafa nacho chiseko. Mayiyo anasekerera nawo, koma mtima utatupa. Kuyambira tsikulo mawu awiriwo anamumanga. Akamayeza nsalu ankawamva, akamadya ankamutsamwa. Nsanje ndi yoipa, abale, imakutsekera m'chipinda iwe n'kumaganiza kuti ukulondera mnzako.

"Mumakatani kwa namwino tsiku ndi tsiku?" anafunsa madzulo ena.

"Kuyendera nyumba, mayi. Si inu munati tizikonza msanga?"

"Chawonongeka n'chiyani? Tiyeni mukandionetse!"

"Simungalowe mwini wake asanalole. Lamulo lanu lomwe."

"Lero mwawadziwa malamulo anga? Mwini wake ndani? Njerwa zimenezo ndinasenza ine pamutu panga, kuti muzisungiramo chibwenzi?"

Bamboyo anangozyolika. Akanangonena kuti "malata", akanalalatiridwa sabata imodzi basi. Anasankha kukhala chete, ndipo chetecheteyo mkazi wake anamuyesa kuvomera.

Lachinayi masana mayiyo anatseka shopu, n'kuwoloka msewu atanyamula kachigubu ka petulo ndi loko wake. Pakhomo pa nyumba yaing'ono anapeza nsapato za mwamuna wake. Atasuzumira pawindo anaona shati yake ili pabedi pa namwino. Sanafunenso umboni wina woti awiriwo ali momwemo. Anakoka chitseko chachitsulo, n'kukiya, kuthira petulo pakatani, kukhwatcha machesi.

Namwino anali kuntchito kuyambira m'mawa. Kiyi anangomusiyira kalipentala, amene pa nthawiyo anali m'siling'i, kunsi kwa denga, atavula shati chifukwa cha kutentha kwa malata.

Atatsika anapeza utsi uli tolo. Anathamangira kuchitseko, anathamangira kuwindo. Aneba anabwera ndi nyundo ndi zikwanje, koma wowotcherera uja anali atagwira ntchito yake mokhulupirika. Mayiyo anaona manja awiri okha atatulukira pakati pa zitsulo, akuda bii ndi phula lomatira malata, ndipo anamva mawu a munthu mmodzi yekha akumuitana.

Kukhoti namwino anafotokoza zonse akulira: malata akale, beseni lomwe ankatchera pabedi, chinsinsi chimene anapemphedwa kusunga. Woweruza anati mayiyo anapha mwamuna wake mwadala, ndipo anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Malamulo onse osamalira nyumba ankawadziwa, koma mng'alu wa m'banja mwake anapita kukaumvera kusaluni. Mwamuna wake naye anamata mabowo onse a padenga, n'kusiya lomwe likanatsekedwa ndi liwu limodzi loona.

Chipinda chimene akukhala lero n'chimodzi, chitseko chake n'chachitsulo, loko ali kunja. M'mawa uliwonse amaimirira pakawindo, n'kuyeza mpata wa zitsulo ndi zala zake. N'zothinana bwino, mmene iye ankafunira.