Febe ndi Tizilombo ta mu Diramu

Febe amakhala ku Kabudula ndi amayi ake. Febe ali ndi bedi la tomato kudimba. Anadzala yekha. Ankafuna tomato wake apse.

Koma madzi a pachitsime cha kudimba anasintha. Anasanduka achikasu. Tomato wa Febe anayamba kufota.

Kumtunda kunali anthu ofufuta zikopa. Ankataya madzi a mankhwala m'khwawa lotsikira kudimba. Kenako anasamuka. Zikopa anatenga. Poizoni anasiya. Anthu opanda manyazi amenewo.

Mjigo uli kutali. Febe ankatungako ndowa imodzi. Ndowa imodzi sinkakwanira.

Tsiku lina kunabwera Anti Nelia. Anti Nelia amaphunzira za madzi ku koleji. Anayeza madzi achikasu aja.

"Muli poizoni," anatero. "Dzina lake ndi koromiyamu. Musamwe. Musathirire mbewu."

"Nanga tomato wanga?" anafunsa Febe.

"Madziwa tiwayeretsa ndi tizilombo."

"Tizilombo?" anatero amayi. "Inu Anti, sukulu yonseyi mwakaphunzira zimenezi? Tizilombo n'ta matenda."

"Tina n'tabwino, mayi," anayankha Anti Nelia.

Anti Nelia anadzaza diramu ndi madzi achikasu. Anathiramo matope akuda a kudambo. Anathiramonso madeya.

"M'matopemu muli tizilombo," anauza Febe. "Sitioneka ndi maso. Tikakhuta madeya, timasintha poizoni. Poizoniyo amadikha pansi. Uzithiramo madeya dzanja limodzi tsiku lililonse. Uzivundikira. Madziwa usawagwire."

Anti Nelia anabwerera ku koleji.

Lolemba Febe anathira madeya. Madzi anali achikasu.

Lachitatu Febe anathira madeya. Chikasu chinachepa.

Lachisanu Febe anathira madeya. Chikasu chinachepanso. Koma diramu inayamba kununkha.

Amayi anamva fungo. Amayi sagwirizana ndi fungo. Chaka cha kolera, alangizi a zaumoyo anawaphunzitsa kuthira klorini m'madzi. Amayi saiwala phunziro. Anatenga klorini. Anathira mu diramu.

M'mawa Febe anavundukula diramu. Madzi anali achikasu ngati poyamba.

"Amayi, mwathiramo chiyani?"

"Klorini. Zonunkha ine ayi."

"Klorini amapha tizilombo, eti?"

"Ndiyo ntchito yake."

"Ndiye wapha tanga tomwe."

Amayi anasuzumira mu diramu.

Febe anayang'ana tomato wake. Masamba anali atagwa. Febe sanalire. Sanadikire Anti Nelia. Njira ankaidziwa.

"Tiyambirenso," anatero. "Koma mu diramu iyi muli klorini."

"Tenga yanga ya kubafa," anatero amayi. "Usandiyang'ane choncho. Ndalakwa, basi. Matope ali kuti?"

Anapita kudambo. Febe anasankha matope akuda bii. Amayi anasenza. Matope anawadonthera m'khosi. Amayi anadandaula njira yonse. Koma sanatule.

Amayi anavala majumbo m'manja. Anadzaza diramu ndi madzi achikasu. Febe anathira matope. Febe anathira madeya. Febe anavundikira.

Diramu inayambanso kununkha.

"Kukununkha," anatero amayi.

"Tili pa ntchito tizilomboto," anatero Febe.

Amayi anatseka mphuno. Klorini sanamugwire.

Patapita masiku, Anti Nelia anabweranso. Febe anavundukula diramu. Madzi anali oyera mbee. Pansi panali matope obiriwira.

Anti Nelia anayeza. Anayezanso kachiwiri.

"Othirira mbewu ali bwino," anatero. "Akumwa ayi. Akumwa muzikatungabe kumjigo. Matope apansiwa nditenga ine, poizoni ali m'menemu."

Febe anatenga kheni. Anathirira tomato wake. Anathiriranso mawa lake. Masamba anadzuka. Tomato anabereka. Tomato anapsa psuu.

Anthu a madimba ena anamuona tomatoyo. Anabwera ndi madiramu awo. Febe anawaonetsa matope. Anawaonetsa madeya.

Amayi anaima pambali, manja m'chiuno.

"Mumvere mwanayu," anatero. "Klorini ndi wa madzi akumwa. Wothira klorini mu diramu akumana ndi ine."

Febe anathyola tomato wamkulu. Anapatsa amayi ake.

Amayi anamutembenuza uku ndi uku. Anamununkhiza.

"Uyu sakununkha," anatero. Anamuluma.