Ndalama ya Malemu a Walburga

M'mawa wa tsiku la ubatizo, Almut anagogoda kuchipinda kwa apongozi ake, a Ottmar, khanda lili paphewa.

"Bambo, ndabwerera ndalama ya amayi ija. Ansembe sadikira munthu."

Chimwalirireni akazi awo a Walburga, a Ottmar ankangokhalira mabokosi awo a ndalama zakale zasiliva, zosulidwa ndi mabishopu amene ankalamulira mzinda wa Würzburg. Imodzi yokha sinali yawo. Inali ya patcheni ya malemuwo, ndipo mwana aliyense wa m'banjamo ankabatizidwa ataivala.

A Ottmar anatsegula bokosi pang'onopang'ono. Ndalamayo inali pamzere ndi zinzake, koma kamphete kolowetsapo tcheni kanali katadulidwa, pamalopo patapalidwa.

"Kamphete kali kuti?"

"Ndinadula."

Mwana wawo Burkhard, mwamuna wa Almut, anaima pakhomo tayi ili m'manja. "Mwadula? Chifukwa chiyani, bambo?"

"Anzanga kukalabu ya osonkhanitsa ndalama zakale ankaseka," anatero akuyang'ana pansi. "Amati ya kamphete si ya m'bokosi, ndi chidole cha azimayi."

Misozi inayenderera m'masaya mwa Almut. "Amayi ndinkawasambitsa ndine. Tcheniyo ndinawavula ndekha n'kukupatsani inu kuti musunge. Ndiye mwaopa madala akumowa aja kuposa mdzukulu wanu? Tikatuluka m'tchalitchi ndikupita kwathu ku Bamberg, ndi mwanayu."

Anamenyetsa chitseko, khanda n'kuyamba kulira.

"Bambo, nenaniko kanthu," anachonderera Burkhard. "Akapita ameneyu sabweranso."

A Ottmar analephera kumuyang'ana kumaso. Anatola ndalamayo n'kutsikira kugalaja. Posakhalitsa kunamveka kulira kwa makina obowolera.

Anawapeza akukwera galimoto. Anatambasula dzanja: pandalama paja, pamwamba pa mutu wa bishopu, panali bowo.

"Mwaibowola?" anafuula Burkhard. "Inu amene munkandimenya dzanja ndikangokhudza imodzi? Kukalabu sakaiyang'ananso imeneyi!"

"Asaiyang'ane."

A Ottmar anayesa kulowetsa tcheni, koma inapulumuka kawiri. Almut anangowayang'ana kwa kanthawi, kenako anawalanda n'kulowetsa yekha.

"Bowo lake n'lokhota, bambo."

"Eya. Pepani, mayi."

Almut anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuwaikira khandalo m'manja.

"Lowani kumbuyoko. Mugwirize mutu bwino, ameneyu si wa m'bokosi."