Kumbu ndi Chitini Chodontha

Uyu ndi Kumbu. Kumbu amakhala ku Kalikiliki, mu Lusaka. Amakhala ndi Amayi ndi Atate.

Kumbu ndi mtsikana wamanyazi. Akaona mlendo, amayang'ana pansi. Salankhula zambiri. Koma maso ake amaona zonse.

Kumbu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Amayi adye.

Amayi anadwala malungo. Anamwa mankhwala onse. Malungo anatha. Koma njala sinabwere.

Atate anagula buledi. Amayi anakana.

Atate anagula kapenta. Amayi anakana.

Atate anagula nthochi. Amayi analuma pang'ono, n'kusiya.

"M'kamwa mukuwawa," anatero Amayi.

Amayi anayamba kuwonda. Sankaseka. Ankangogona. Kumbu anada nkhawa.

Tsiku lina kunabwera mlendo. Anali Anti Ennie, mkulu wawo wa Amayi. Anachokera ku Katete pa basi. Anabwera ndi chikwama chachikulu.

Anti anayang'ana Amayi. Anapukusa mutu.

"Mng'ono wanga, watha chonchi?" anatero Anti. "Mawa udya. Ine mankhwala ako ndikuwadziwa."

M'mawa mwake Atate anapita ku ntchito. Kumbu anapita kukatunga madzi ku mpopi. Mzere unali wautali. Atabwerako, Anti kunalibe. Anali atapita ku msika wa Mtendere.

"Ndithandize ntchito," anaganiza Kumbu. "Anti akabwera, asangalale."

Kumbu anatenga tsache. Anasesa m'nyumba. Anasesa pakhomo. Anasesa mpaka kuseri kwa nyumba.

Kuseriko anapeza chitini chakale. Chinali pa timitengo tiwiri. M'chitinimo munali phulusa lonyowa. Pansi pake panali mbale.

Dontho. Dontho. Dontho.

Madzi ankadontha m'mbale. Anali oderako ngati tiyi wopanda mkaka.

"Iii, madzi akuda!" anatero Kumbu.

Anatenga mbale ija. Khuthu! Madzi onse m'ngalande.

Anatenga chitini chija. Khuthu! Phulusa lonse kudzala.

Pafupi panali kathumba ka phulusa lina. Nakonso anakataya.

Kenako anatsuka chitini. Chinali ndi timabowo pansi.

"Ngakhale chitini chake n'chobooka," anatero Kumbu.

Anti anabwera kuchokera ku msika. Anagula therere. Ku Lusaka amalitcha delele. Anagulanso tomato ndi mchere.

Anti anazungulira kuseri. Anaima. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Kumbu! Chidulo changa chili kuti?"

Kumbu anayang'ana pansi.

"Ba Anti, chidulo ni chani?"

"Madzi aja a m'mbale, mwanawe. Madzi a phulusa."

"Nataya," anatero Kumbu chapansipansi. "Nenze kuganiza ati ni vinyalala."

Anti anagwira m'mutu.

"Mayo ine! Phulusa lija ndachoka nalo ku Katete. Ndinalikumbatira mu basi ngati khanda!"

Misozi inalengeza m'maso mwa Kumbu. Anti anaona. Anakhala pa njerwa. Anamukokera pafupi.

"Usalire. Sunadziwe. Wakuuza ndani? Palibe."

Anti anafotokoza bwinobwino. Chidulo ndi madzi odontha m'phulusa. Amaphikira delele. Delele limafewa. Limaterera pakhosi. Wodwala amameza mosavuta.

"Amayi ako ali ang'ono ankalikonda kwambiri," anatero Anti. "Ankanyambita mbale mpaka kuwala."

"Nikagule soda ku kantemba?" anafunsa Kumbu.

Mawu ofooka anamveka m'nyumba. Anali Amayi.

"Soda ya m'sitolo ayi. Ndayesa kale. Ndikufuna chidulo, ngati cha kwathu."

Kumbu anathamanga. Anabweretsa mbaula.

"Ba Anti, onani! Phulusa ili apa!"

Anti anaseka pang'ono.

"Limenelo ndi la makala. Limenelo timakwechera mapoto. La chidulo ndi lina. Timaotcha zitsononkho za chimanga. Timaotcha makoko ouma a nthochi. Timaotcha makoko a nshawa, mtedza uja. Nanga m'tauni muno tiwapeza kuti? Munda mulibe. Nkhokwe mulibe."

Kumbu anaika mbaula pansi. Anaganiza. Anaganiza.

Makoko a nshawa!

Kumbu anakumbuka. Panjira ya ku sukulu pali thebulo. Pathebulopo pamakhala mayi wina, bana Kafula. Amasenda nshawa tsiku lonse. Amakazinga n'kumagulitsa. Pansi pa thebulo pamakhala thumba. M'thumbamo amaponyamo makoko.

Koma bana Kafula ali ndi mawu aakulu. Akaseka, msewu wonse umamva. Kumbu sanawalankhulepo. Amangodutsa mofulumira.

Kumbu anasuzumira m'nyumba. Amayi anali gone pa bedi. Tiyi wawo anali atazizira.

Kumbu anatenga beseni.

"Ba Anti, nibwela manje manje."

Anayenda. Analumpha ngalande. Anadutsa ogulitsa makala. Anadutsa ometa tsitsi.

Anafika pa thebulo. Anagwada pang'ono. Mawu anakana kutuluka.

"Iwe kamwana, kamba!" anatero bana Kafula. "Ufuna nshawa zokazinga olo zaziwisi?"

"Nipemphako makoko," anatero Kumbu.

"Chani? Kweza mawu!"

Kumbu anapuma kwambiri.

"Nipemphako makoko ya nshawa!"

Bana Kafula anasiya kusenda. Anamuyang'ana.

"Makoko? Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa ba Whyson. Ba ku Katete."

Bana Kafula anaomba m'manja. Anaseka kwambiri. Iwo ndi Mbemba. Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pachimbuya, amatchulana kuti mbuya. Amanyozana mosewera, koma sakwiyirana. Abemba amati a kum'mawa amadya mbewa, a kum'mawa amati Abemba amadya anyani.

"Imwe ba kum'mawa!" anatero bana Kafula. "Mbeba zasila, manje mwayamba kudya makoko?"

Kumbu anafuna kuthawa. Koma anakumbuka Amayi. Sanathawe.

"Si yakudya," anatero Kumbu. "Ni ya chidulo. Ba Mami badwala. Sibakudya."

Bana Kafula anasiya kuseka. Anawerama. Anakoka thumba lonse.

"Bweletsa beseni, mwana wanga."

Anathira makoko. Beseni linadzaza. Anatsindira ndi manja. Anathiranso ena.

"Thamanga. Uwauze ba mbuya banga badye."

"Zikomo kwambiri," anatero Kumbu. Ulendo uno mawu anatuluka bwino.

Kumbu anasenza beseni. Anafika kunyumba ali wefuwefu.

Anti anaona makoko. Anaimirira. Analuluta.

"Lululu! Mwana uyu ali ndi maso! Bwera, lero uphunzira."

Anti anayala lata lakale pansi. Kumbu anathirapo makoko. Anti anayatsa moto.

"Moto ndi wanga," anatero Anti. "Iwe ima apo, uziona."

Makoko anayaka. Thethethe! Thethethe! Anada. Anafiira. Kenako anasanduka phulusa.

Anadikira kuti lizizire.

"Tsopano bweretsa chitini chija."

"Chija chobooka?"

"Chomwecho. Mabowo ndiwo ntchito yake. Anaboola ndi agogo ako, ndi msomali. Iwo anandiphunzitsa ine. Ine ndinaphunzitsa amayi ako. Lero ndi iwe."

Kumbu anagwira chitini ndi manja awiri.

Anti anaika kansalu koyera pansi pa chitini. Kumbu anathira phulusa. Anti anaika timitengo tiwiri pa mbale. Kumbu anakhazikapo chitini.

"Thira madzi," anatero Anti. "Pang'onopang'ono. Phulusa silifuna phuma."

Kumbu anathira pang'ono. Anadikira. Palibe chinatuluka.

Anathiranso pang'ono. Anadikira. Palibe chinatuluka.

"Ba Anti, vakanga!"

"Khala pansi. Chidulo sachithamangitsa."

Kumbu ananjuta. Anayang'anitsitsa pansi pa chitini.

Dontho.

"Ba Anti!"

Dontho. Dontho. Dontho.

Madzi anadontha m'mbale. Anali oderako ngati tiyi wopanda mkaka.

"Gwira ndi zala," anatero Anti.

Kumbu anagwira. Ankaterera ngati sopo.

"Chakhwima," anatero Anti. "Koma ichi sakumwa, wamva? N'chophikira basi. Ndipo timathira pang'ono."

"Namvela, ba Anti."

Kumbu anatsuka delele. Anti anadula tating'onoting'ono. Anaika poto pa mbaula. Anathira madzi. Kumbu anathira chidulo.

Madzi anawira. Anti anathira delele. Thovu linakwera, linakwera!

"Vundula, Kumbu! Lingasefukire!"

Anti anagwira poto. Kumbu anavundula. Thovu linatsika. Anathira tomato. Anathira mchere.

Fungo linalowa m'nyumba.

Chitseko chinalira. Kwiii! Amayi anatuluka okha. Anagwira khoma. Anakhala pa mpando.

"Fungo ili ndi la kwathu," anatero Amayi.

Anti anaphika nsima, n'kupakula. Kumbu anabweretsa madzi osamba m'manja. Anagwada.

Amayi anatema nsima pang'ono. Anasunsa mu delele. Anameza.

Kumbu sanaphethire.

Amayi anatemanso. Anasunsa. Anameza. Anatemanso. Anasunsa. Anameza.

Mbale inayera.

"Latsalako?" anafunsa Amayi.

Kumbu analumpha. Anti anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Zikomo, akulu anga," anatero Amayi.

"Usathokoze ine ndekha," anatero Anti. "Chidulo ichi ndi cha Kumbu. Makoko wapeza yekha."

Amayi anamukumbatira Kumbu.

"Zikomo, mwana wanga."

Anti anapakula delele lina m'kambale. Anavundikira.

"Kapereke kwa mayi wa nshawa uja," anatero Anti. "Umuuze kuti alawe chakudya cha anthu. Anyani apumeko lero!"

Kumbu anapita. Anapereka kambale ndi manja awiri. Ananenanso mawu a Anti, ngakhale chapansipansi.

Bana Kafula anaseka. Msewu wonse unamva. Analawa ndi chala.

"Mmm! Ba mbuya baziba kuphika. Makoko yonse ni yako, mwana wanga. Uzibwela chabe."

"Zikomo, bana Kafula."

Atabwerako, Anti anamuitana kuseri. Anatenga chitini chija. Anachiika m'manja mwa Kumbu.

"Ine ndikabwerera ku Katete, ichi chitsala kuno. Uchisunge."

"Zikomo, ba Anti," anatero Kumbu.

Phulusa lina linatsala. Kumbu anaika yekha kansalu. Anathira yekha phulusa. Anathira yekha madzi, pang'onopang'ono. Chimenechi chinali cha mawa.

Madzulo Atate anabwera ku ntchito. Anapeza Amayi ali panja. Ankacheza ndi Anti. Ankaseka!

"Wadya?" anafunsa Atate.

"Mbale ziwiri," anatero Anti.

Atate anakondwa kwambiri. Anavula nsapato. Anapita kuseri kukasamba m'manja.

Kumeneko anaona chitini chakale. Anaona mbale pansi pake.

"Ah! Nanga madzi akudawa asiya ndani?" anatero Atate. Anawerama kuti akataye.

"Ba Tate, osataya!"

Mawu anali aakulu. Nkhuku za aneba zinathawa. Atate anadzidzimuka. Anacheuka.

Anali Kumbu.

"Ni chidulo," anatero Kumbu. "Khalani apa, nikuonetseni."

Atate ananjuta pafupi ndi Kumbu. Amayi ndi Anti anabwera kudzaona. Onse anayang'ana chitini.

Dontho. Dontho. Dontho.