Wamasiye Amene Anali ndi Amayi

Ndikulumbira manja onse awiri ali m'mwamba: m'nkhani iyi mulibe bodza ngakhale laling'ono ngati nsabwe. Ndikanama, mpando ndakhalirawu uthyoke.

Panali mtsikana amene kwawo ankamutchula kuti Kawayilesi, chifukwa chibadwire sanatsekepo pakamwa. Akayamba kuimba m'mawa, tambala wa nyumba yoyandikana ankatsika pampanda mwamanyazi, mpaka anasiyiratu kulira. Bambo ake anamwalira iye ali khanda. Amayi ake anali telala, ankasokera pakhonde, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Diresi iliyonse ya mwana wawo ankaisokera kamtanda ka ulusi wofiira mkati mwa mpendero, kuti akachita mantha pagulu azikagwira.

Tsiku lina akuimba kutchalitchi anamumva a Chipewa, mkulu wa zisudzo ndi mafilimu, amene anthu amati anabadwa chipewa chili kumutu. Anamulonjeza ntchito. Tsiku lonyamuka kupita kutauni amayi anachotsa mapini pakamwa, zimene ankachita pa nkhani zikuluzikulu zokha.

"Pansanja ukakhale chilichonse chimene akuuza, kaya mfumukazi kaya mfiti. Koma ukatsika, uzikhala mwana wanga."

Ntchito inayenda. Ankaimba, ankasewera, anthu ankawomba m'manja mpaka zikhatho kutupa. Koma a Chipewa sanakhutire. Ankati mawu okoma ali ndi aliyense, chimene chimadzaza holo ndi misozi. Anamufunsa za kwawo, ndipo atamva za malemu bambo anapukusa mutu.

"Bambo okha? Sizikwana, mwanawe. Tiphenso amayi."

Kawayilesi anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha. A Chipewa anamunyengerera kuti ndi kamodzi kokha, pawailesi basi, ndipo amayi ake sangapweteke ndi imfa ya pakamwa. Anavomera. Anauza dziko lonse kuti anakula wopanda aliyense, akugona pansi pa mabenchi amumsika. Analira bwino kwambiri, moti wofunsa mafunsoyo anamubwereka mpango. Kuyambira pamenepo holo inkadzaza mpaka pamawindo.

Amayi anaimva nkhaniyo ali pamakina. Mnansi wawo anabwera akuseka kudzawapepesa maliro awo omwe. Iwo anangoti ndi sewero limenelo, mwana ali pantchito. Koma tsiku limenelo anasoka buluku la munthu n'kutseka miyendo yonse iwiri.

Patapita mwezi amayi anakwera basi kukamupatsa mwana wawo diresi yatsopano. Anamupeza kuseri kwa nsanja, atazunguliridwa ndi atolankhani. Mmodzi anafunsa kuti mayi a tepi m'khosiwa ndi ndani. Kawayilesi anayang'ana a Chipewa, n'kuyang'ana pansi.

"Ndi telala wanga."

Amayi sanatsutse. Anagwada monga amachitira telala, anawongola mpendero wa diresi imene mwanayo anavala, n'kunena chapansipansi, "Mwaonda, madamu. Muzidya." Anasiya phukusi pampando, ulendo wobwerera.

Chaka chotsatira ankajambula filimu ya mtsikana woimbira mayi ake odwala. Ali mkati mojambula, mnansi uja anaimba foni kuti amayi agwa pamakina, ali kuchipatala, ndipo akungotchula iye. Kawayilesi anathamangira kwa a Chipewa kukapempha kuti apite.

"Amayi atinso? Si tinawaika chaka chatha? Ukatuluka pakhomo apo, mawa aliyense adziwa kuti ndiwe wabodza."

Anachita mantha, anakhala. Tsiku loyamba linapita, lachiwiri linapita, iye akulirira mayi wabodza wopaka ufa kumaso pabedi la m'filimu. Tsiku lachitatu atagwada pabedipo, atavala diresi ija ya m'phukusi, mwachizolowezi anagwira mpendero. Chala chinakhudza kamtanda kaja. Anatsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Kawayilesi, amene sanakhalepo chete chibadwire! Anaimirira n'kuyang'ana kamera.

"Amayi anga ali moyo. Ndinawapha ndine, ndi pakamwa pangapa."

Anathamanga osavula zovala za sewero. Wigi inatsala pageti.

Anawapeza ali moyo, koma dzanja lamanja litafa, pakamwa patapotoka. Namwino anamuimitsa pakhomo n'kufunsa kuti ndi ndani wawo. Anayankha kuti ndi mwana wawo, mokweza moti odwala awiri anadzuka n'kupempha chakudya. Amayi anatsegula diso, n'kulankhula movutikira, "Kodi wamasiye uja wabwera?" Anamukoka ndi dzanja lamanzere, mutu wake n'kuuika pachifuwa pawo.

A Chipewa anapeza mtsikana wina sabata yomweyo. Manyuzipepala anamuseka Kawayilesi mpaka anatopa, ndipo palibe holo inamuitananso. Lero mukadutsa pakhonde paja mudzamupeza akupalasa makina, amayi akuwongola nsalu ndi dzanja limodzi, akumudzudzula kuti mizere yake ndi yokhota ngati njira ya chidakwa. Amaimbabe. Koma masiku atatu aja, amene amayi ankayang'ana pakhomo la wodi, amati akawakumbukira nyimbo imaima pakhosi.

Ana inu, musakane amene anakuberekani kuti anthu akuwombereni m'manja. Owomba m'manja amapita kwawo sewero likatha, ndipo si aliyense amapeza mayi ake akupumabe.

Mwaona, mpando sunathyoke. Kungoti za tambala zija ndawonjezera pang'ono. Ankalira ndithu, koma palibe ankamumvera.